Wokonza Mawotchi wa ku Mpondabwino

Anafika ndi mvula ya Januwale,
chikwama chimodzi ndi makope asanu ndi atatu
omanga ndi mphira wa chubu cha njinga.
Dzina lake ndi Tshibangu,
koma Mpondabwino sazunza lilime lake:
tinamutcha Achibangu, iye n’kuvomera.

Masana amakonza mawotchi ndi mafoni
pakhonde la sitolo ya a Mdoka,
kagalasi padiso, kapani m’dzanja.
Usiku magetsi akathima ku Chikanda
amaimika kandulo pachitini
n’kuyamba kusuntha phiri.

Ine ndine womutayipira.
Ena amandibweretsera makalata ofunsira ntchito,
ana a ku Chanco zolemba zawo zochedwa,
koma iye amabweretsa Zomba wa zaka mazana anayi zikubwerazo:
phiri lazuka ndi mizu ya paini lendelende,
layandama pamwamba pa Matawale,
Mulunguzi akuyenda chokwera kulondola mwini wake,
ogulitsa masitiroberi akutsika ndi maambulera
kudzatsatsa malonda padepoti.

Nkhani ina, Chilwa waphwa komaliza
ndipo pansi pa matope papezeka mzinda
wa anthu amene mayiko awo anafufutika pamapu.
Kumeneko chiphaso ndi chifuwa:
ukatsokomola, amadziwa fumbi la kwanu.

Chichewa chake chimayenda chotsimphina.
Amati chinthu zija, anthu chija,
ine n’kumawongola ngati wowongola msomali.
Tsiku lina analemba: Dziko langa anamwalira.
Ndinakonza: linafa.
Anayang’ana pakompyuta nthawi yaitali.
Bwezerani, mayi, anatero. Anali munthu.

Amene ndinalira nayo ndi ya pachipata cha malire,
pomwe chidindo chilichonse umagula ndi chikumbukiro.
Munthu uja analipira fungo la khitchini,
analipira njira ya kusukulu,
pachipata chachisanu n’kupereka nkhope ya mayi ake.
Ndinafunsa: Kodi ameneyu sindinu?
Ayi, anaseka, amayi anga ndikuwakumbuka bwino,
anali ndi mpata m’mano,
kapena mwina anali azakhali.
Kenako anayamba kufunafuna chenje m’thumba.

Tinasindikiza timabuku makumi anayi,
tomanga ndi sitepula yanga yadzimbiri.
Tinagulitsa khumi ndi kamodzi.
A Mdoka anati n’zaufiti zimenezi.
Iye anati: Afiti amauluka usiku palichero,
anga amauluka masana, amalipiranso tikiti.

Totsalato anapatsa Abiti Sumaili a matemba
kubweza ngongole ya ndiwo.
Patapita sabata kunabwera kamtsikana ka yunifolomu,
Tadala wa ku Ndola, pepala lamafuta m’manja:
Ndapeza tsamba lachisanu ndi chiwiri m’matemba.
Phiri lija linatera kuti?
Achibangu anavula kagalasi,
anapukuta diso lomwe linalibe chitsotso,
ndipo tsiku limenelo sanakonze wotchi ya munthu.

Miyezi ingapo ikatha amakwera minibasi ya ku Blantyre
kukapempha chidindo chinanso,
malaya osita, mapepala mujumbo.
Amabwerako madzulo ake, wochepako pang’ono.

Ulendo uno papita masabata atatu.
Foni yake imangoti sakupezeka.
Ena akuti anamuona pa Liwonde,
ena akuti ku Mwanza, m’lole.
A Mdoka asunga katoni ya mawotchi pansi pa kauntala,
iliyonse ikunena nthawi yakeyake.

Kope lachisanu ndi chinayi lili ndi ine.
Lathera pakati pa chiganizo:
Ndipo phirilo litatopa ndi kuyandama, linafunsa anthu a pansi ngati
Pamenepo ndiye pothera inki.

Tadala amadutsa akaweruka,
amasuzumira pawindo, ine n’kupukusa mutu.
Dzulo wabwera ndi pensulo.
Akuti akudziwa chimene phiri linafunsa,
akuti ndimubwereke kopelo usiku umodzi wokha.
Sindinamuyankhe.
Ndinangotuluka panja, chifunga chili thoo,
kuyambira ku Ku Chawe mpaka kumunsi,
ndipo pamene pamakhala phiri
panalibe kanthu.